Mmene Ndinachongera Chizungu cha Mpongozi Wanga

Iwe Tiyamike, pukuta misoziyo. Ndangokuthetha malo awiri okha m'buku lako la Chizungu, ndiye walira ngati ndakulanda nyama m'mbale. Bwerani kuno nonse. Chisomo, ika lamyayo pansi, siithawa. Dalitso, leka kutafuna cholembera, khala apa. Ndikuuzeni za munthu amene ndinamuthetha pepala lonse mpaka linafiira ngati pophera mbuzi. Munthuyo ndi amayi anu. Ee, musatong'ole maso, amayi anu omwewa amene amakukalipirani m'Chizungu masiku ano.

Ine ntchito yochonga ndinayamba kalekale, atate anu asanabadwe, koma poyamba wochongedwa ndinali ine. Kwathu ku Katete tinkalemba pa sileti, kabolodi kakang'ono kamwala kamene inu simunakaonepo. Ukalakwa, aphunzitsi ankakukoka khutu, iwe n'kulavulira malovu pasiletipo, kufufuta ndi chigongono, n'kuyambanso. Titakulako anatipatsa zolembera zoviika mu inki. Ha, inki imeneyo! Inkakhala m'kabotolo pabowo la desiki, ndipo sipankapita tsiku popanda wina kubwerera kwawo malaya ali mathothomathotho. Inu mukalakwa mumangodina kabatani, cholakwa n'kusowa ngati sichinakhaleko. N'chifukwa chake munthu akakuuzani kuti mwalakwa mumaona ngati wakutukwanani.

Nditatsiriza maphunziro a uphunzitsi ananditumiza kuno ku Lusaka. Tinakwera basi ine ndi agogo anu aakazi, katundu wathu ali mtondo, mphasa ndi thumba la mtedza. Basiyo inkati ikakwera phiri n'kufa, amuna tonse n'kutsika kukankha. Pa Luangwa tinagula nsomba zouma, ndipo jekete limene ndinakaonekera nalo kwa akuluakulu a sukulu linkanunkha nsomba zokhazokha. Ku Kabwata kuno tinapeza nyumba zina zikadali zozungulira, zofolera ndi udzu. Ku Kabulonga kumene mumapita kukadya tinkhuku tokazinga uko, ife tinkangodutsako panjinga, agalu akutiuwa.

Ndinaphunzitsa Chizungu mpaka tsitsi lonse linayera. Ana ankadzaza m'kalasi, ena pansi, ena pazenera. Mabuku awo ndinkamanga ndi lekeni kumbuyo kwa njinga, Lamulungu tikaweruka kutchalitchi n'kukhala nawo pansi pa mtengo wa mango uwo. Zimene zinkagwetsa ana zinali ziwiri. China chinali kusiyanitsa zimene zinachitika dzulo, zimene zikuchitika tsopano ndi zimene zidzachitike mawa. China chinali timawu tija tating'onoting'ono, in, on ndi at, timene timasonyeza pamene chinthu chili. N'tating'ono ngati nsabwe, koma tagwetsa anthu a ndevu zawo pa mayeso. Ine sindinachongepo yankho lolakwa, kaya mwanayo ndi wa abusa kaya wa ahedi. Ndinkati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mpaka lero ndimatero.

Tsopano mvetserani za amayi anu. Atate anu atatibweretsera mkazi, anali mtsikana wobadwira m'tauni muno, wa ku Chelstone, makolo ake Abemba, tchalitchi chake chija choimba ndi magitala. Ine ndi atate awo tinkasekana tikakumana, monga achitira Abemba ndi ife akummawa. Iwo ankandifunsa ngati ndabwera ndi mbewa m'thumba, ine n'kuwafunsa ngati anyani akadalipo kwawo kapena anamaliza kudya. Koma ndi mwana wawoyo kunalibe zoseka. Anali mpongozi wanga. Mwambo wathu ndi wawo pamenepa unagwirizana: mpongozi sumudyera pamodzi, sumugwira dzanja, sumuyang'ana kumaso, sumutchula dzina. Akabwera kuno ankagwada patali, pakhomo paja, mutu ali zyoli. Akafuna kundiuza kuti tiyi wapsa ankauza agogo anu aakazi, agogo anu n'kutembenukira kwa ine, amvekere, "Akuti tiyi wapsa," chikhalirecho ine ndili pomwepo ndipo ndamva kale.

Usaseke, Dalitso. Sichinali chidani, unali ulemu, ndipo ine ndinkaunyadira. Chisomo anabadwa, iwenso unabadwa, koma nkhope ya amayi anu sindinkaidziwa bwinobwino. Ndinkadziwa pamwamba pa duku lawo basi.

Nthawi imeneyo amayi anu ankagwira ntchito pa kachipatala kena, kukolopa, kuyala mabedi, kukankha odwala pa njinga zija. Mtima wawo wonse unali pa unamwino. Maphunziro ena onse anakhoza bwino ali kusukulu, koma Chizungu chinawagwetsa. Anabwereza mayeso, chinawagwetsanso. Kusukulu ya anamwino anawauza kuti awasungira malo chaka chimenecho chokha. Akabweretsa Chizungu alowe, akalephera malowo apita kwa wina, ndipo asadzabwerenso chifukwa zaka zapita. Atate anu anali kumigodi ku Solwezi, kubwera mwa apo ndi apo. Tsiku lina anandiimbira lamya.

"Batate," anatero, paja atate anu amalankhula cha m'tauni, "mubathandizeko bamake Chisomo na Chizungu. Bakafeluka futi, ninshi yasila. Imwe ndimwe ba ticha."

Ankatanthauza kuti akalepheranso, basi zatha. Ndinachotsa lamya kukhutu n'kuiyang'ana.

"Iwe Yohane, mutu ukuyenda bwino? Ine ndichonge mpongozi wanga? Ndimuuze mkazi wa mwana wanga kuti walakwa?"

"Manje tizachita bwanji, batate?"

Ndinakhala masiku ndikulingalira. Mapeto ake agogo anu aakazi ndiwo anapeza njira. Anati amayi anu azilemba ntchito pamapepala kwawo ku Chelstone, agogo anuwo azikatenga Loweruka lililonse pochokera kumsika wa Soweto kogula ufa wa vitumbuwa, ine ndizichonga kuno, Loweruka linalo n'kubweza. Palibe kuonana, palibe kulankhulana, mwambo uli pomwepo. Ndinaona kuti ndi nzeru ndithu, ndipo ndinavomera.

Mapepala oyamba atafika ndinavala magalasi, kukhala pansi pa mango, n'kuyamba kuwerenga. Ana inu, ndinagwira pakamwa. Zilembo zinali zokongola, zoongoka, koma mkatimo munali chipwirikiti. Zadzulo zinali mawa, zamawa zinali dzulo. Wodwala amene anamwalira chaka chatha anali akadamwalirabe mlungu wamawa. Timawu tating'ono tija anangotimwaza paliponse ngati akufesa mawere. Ndinatenga cholembera chofiira n'kugwira ntchito yanga. Paliponse pamene ndathetha ndinkalemba m'mbali chifukwa chake, mwaulemu, ndi chitsanzo chomwe. Sindinachongepo ntchito ya munthu mosamala chotero.

Agogo anu anatenga mapepalawo, kuika m'dengu, Loweruka n'kupita. Pobwera ndinafunsa, "Ati bwanji?"

"Athokoza kwambiri," anatero, n'kundipatsa ena atsopano.

Nditatsegula ndinapeza zolakwa zomwe zija, pamalo omwe aja. Ndinathethanso, kufotokozanso. Loweruka linalo chimodzimodzi. Mvula inatha, chimanga chinauma, mphepo yachisanu inayamba, koma Chizungu cha amayi anu osasuntha ngakhale pang'ono. Ndinayamba kuda nkhawa. Ana ouma mitu ndinawaonapo ambiri, koma ngakhale wouma mutu ukamuuza chinthu kangapo amasinthako kalakwidwe. Awa ankalakwa mokhulupirika. Ndinkadzifunsa kuti kodi ndi mwano, kapena sawerenga zimene ndikulemba? Koma ndikafunsa ndani? Mpongozi safunsidwa.

Inu mukudziwa kuti agogo anu ankagulitsa vitumbuwa ndi mtedza wokazinga pageti apo. Mmawa wina wa mu Juni ndinali kuothera dzuwa pakhonde, anatulukira a Mbewe, mkulu wa mpingo mnzanga uja wa ndodo yokhota. Anali atagula mtedza pageti, akubwera akutafuna. Tinalonjerana, n'kukhala. Atatsiriza anakhuthulira totsalira m'kamwa, n'kutambasula pepala lokulungiralo kuti apukutire zala. Kenaka analiyandikitsa kumaso.

"Aphunzitsi, kodi ili si dzanja lanu?"

Ndinalandira. Linali dzanja langa. Inki yanga yofiira, mafotokozedwe anga aulemu aja, zonse zili noninoni ndi mafuta ndi mchere. Pamwamba pake panali zilembo zokongola za amayi anu.

Ndinadzuka, sindikudziwa kuti ndinafika bwanji pageti. Pansi pa beseni la vitumbuwa panali mulu wa mapepala, ong'ambidwa bwinobwino pakati. Ntchito yanga ya miyezi yonseyo inali itadyedwa ndi Kabwata yense. Ana a sukulu, okonza nsapato, oyendetsa minibasi, aliyense anali atanyamulako Chizungu cha mpongozi wanga, kupatula mwini wake.

Mukumva mbale zikugundana kukhitchiniko? Ndi agogo anu, akumvetsera. Asiyeni, akudziwa kuti sindikunama.

Ndinati, "Amake Yohane, ichi n'chiyani?"

Sanachite ngakhale manyazi. Anaika manja m'chiuno.

"Inu bambo, munaliona pepalalo mmene munalichitira? Magazi okhaokha! Mwana wa eni, watiberekera adzukulu, amatigwadira, ine ndikamupatse chinthu chotero kuti chachokera kwa apongozi ake? Akakaonetsa kwa makolo ake, adzati ife ndife anthu otani? Ine manja anga anakana."

"Nanga mumawauza chiyani?"

"Ndimati atate akuti zili bwino, pitirizani."

"Zili bwino!"

"Nanga mpongozi amauzidwa kuti sizili bwino?"

Ndinakhala pansi, pa njerwa yapageti pomwepo, pamaso pa ogula. Agogo anu sanapite patali ndi sukulu, koma si opusa, ndipo sanachite zimenezi mwa nkhanza. Anali kuteteza ulemu wa banja monga anaphunzitsidwira. Amayi anunso, poti ndi mpongozi, sakanafunsa kuti nanga mapepala anga ali kuti. Aliyense anasunga mwambo bwinobwino, ndipo mayeso anali atatsala masabata owerengeka. Ndinachita mantha, ana inu. Ndinaona munthu akupita kukagwa kachitatu akumwetulira, akukhulupirira kuti mphunzitsi wamuvomereza, mphunzitsiyo ndili ine.

Tsiku lomwelo tinatseka geti. Ndinati tikupita ku Chelstone, ndipo mukanena nokha. Tinakwera minibasi mpaka m'tauni, kutsika, kukwera ina. Kondakitala ankangoti, "Fendelani ba mudala, fendelani," kundiuza kuti ndisendere, ine ndapanikizika pakati pa thumba la makala ndi mayi wonyamula nkhuku.

Titafika ndinakhala panja pansi pa mtengo wa kotapela, mapeyala aja, paja m'nyumba ya mwana wako sulowa mwini wake kulibe. Agogo anu anakhala pakhomo. Amayi anu anagwada mkati, kuseri kwa nsalu yotchinga. Agogo anu anafotokoza zonse, mawu ali pansipansi. Kuseri kwa nsalu ndinamva munthu akufwenthera.

Ndinati tiyambe pomwepo, nthawi palibe. Ndinali nditalembanso zina mwa zolakwa zija, ndiye ndinkanena chiganizo cha Chizungu, agogo anu n'kuchinyamula kupititsa kuseri kwa nsalu. Mayo ine! Chizungu chinkachoka pakamwa panga chili chamoyo, pofika pakhomo chathyoka miyendo. Amayi anu n'kuyankha chapansipansi, agogo anu n'kundibweretsera chinthu chimene sichinali Chizungu, sichinali Chinyanja, sichinali Chibemba. Ndikati abwereze, agogo anu amvekere, "Akuti amva." Dzuwa linapendeka tisanamalize ngakhale ziganizo za m'dzanja limodzi.

Mwadzidzidzi nsalu ija inakankhidwa. Amayi anu anatuluka chiimirire, atanyamula katebulo. Anadutsa agogo anu pakhomo, kubwera molunjika, n'kukaika patsogolo panga. Anabwerera, kutenga mpando, kuuika mbali inayo, n'kukhala. Pampando! Maondo athu anatsala pang'ono kugundana. Kenaka anadzutsa mutu n'kundiyang'ana m'maso.

"Batate, munikhululukile. Ine nenze kuganiza ati vonse vili che bwino. Manje nthawi yasila. Mwambo siuzanilembela mayeso. Niuzeni mweka pamene nalakwa."

Agogo anu anakuwa, "Mayo!" n'kudziphimba kumaso ndi chitenje. Ine thukuta linatuluka m'chisanu muja. Ndinafuna kuthawa. Ndinayang'ana kumwamba, ndinayang'ana nsapato zanga, ndinayang'ana nkhuku ya aneba. Zaka zonse zija ndinaima pamaso pa ana aukali, pamaso pa oyendera sukulu, osaopa, koma tsiku limenelo ndinasowa koyang'ana. Ndinaona kwa nthawi yoyamba kuti amayi anu ali ndi kachipsera pachipumi, ndi kuti maso a Chisomo ndi awo.

Chimene chinandipulumutsa ndi ntchito. Ndinaloza chiganizo choyamba n'kunena kuti, "Apa mwalakwa." Denga silinagwe. Ndinalozanso china.

Kuyambira pamenepo ndinkapita ku Chelstone masana alionse amayi anu akaweruka. Agogo anu ankandiperekeza kuti anthu asanene zambiri, n'kukhala chapatali atatifulatira, akusenda mtedza. Anthu ananenabe. A Mbewe anandiitanira pambali titatuluka m'tchalitchi, amvekere, "Aphunzitsi, tamva kuti mukukhala patebulo limodzi ndi mpongozi. Ana akaona adzatengera chiyani?" Nanenso mumtima ndinkafunsa zomwezo.

Koma chimene chinandidabwitsa koposa ndi munthu amene ndinamupeza pansi pa duku lija. Amayi anu sanali ouma mutu ayi. Kungoti chiyambire palibe anakhala nawo pansi n'kuwauza chifukwa chake chinthu chili cholakwa. Ukawauza kamodzi, chalowa. Ndipo makani! Ndikathetha ankafunsa kuti, "Chifukwa chani, batate?" Ndikafotokoza mwachidule ankati, "Awe, simunanikhutilitse." Mwana wa sukulu aliyense akanandiyankha chotero ndikanamukoka khutu, koma apa ndinkapezeka ndikuseka. Tsiku lina anandiona ndikuthira mchere wambiri pa mbatata, n'kundilanda kabotolo m'manja, ati magazi anga athamanga. Mpongozi kulanda apongozi ake mchere! Agogo anu anangopukusa mutu kumene anakhalako. Inu mukudziwa kuti ife Mulungu anatipatsa ana aamuna okhaokha. Ndinayamba kudzuka mmawa ndikuyembekezera minibasi ya ku Chelstone ngati mwana woyembekezera tsiku la Khirisimasi.

Kufiira kwa mapepala kunayamba kuchepa. Sikunathe konse, ndisakunamizeni, timawu tating'ono tija tinawavutabe mpaka tsiku lomaliza. Mayeso anafika, analemba, ine n'kusiya kupita ku Chelstone poti chifukwa chopitira chinali chitatha. Miyezi yodikira zotsatira inali yaitali. Kunatentha, majakaranda anachita maluwa m'misewu ya ku Woodlands, ine ndili pakhonde pano, cholembera chofiira chili m'thumba la malaya popanda chochonga. Ndinkawerenga nyuzipepala n'kumathetha zolakwa za atolankhani.

Tsiku lina masana ndili pampando uwu, agogo anu akupeta mpunga apo, ndinamva geti likutseguka. Anali amayi anu, atavala chitenje ndi duku. Ndinayamba kudzuka kuti ndiwachingamire, koma iwo anafika pakhomo paja, patali, n'kugwada, mutu zyoli, monga kale. Sukulu inali itatha, ndiye anabwerera pamalo pawo.

"Bamayi," anatero chapansipansi, "mubauze batate ati napasa. Malo banipasa."

Agogo anu anataya lichero, kululuta mpaka aneba anasuzumira pampanda. Kenaka anakumbukira udindo wawo, n'kutembenukira kwa ine.

"Akuti akhoza."

Ndinakondwa, ana inu, ndinakondwa mpaka misozi. Koma pansi pa chimwemwecho panalowa chisoni chimene sindinachiyembekezere. Ndinali ndi mafunso odzaza pakamwa. Anafunsa zotani? Chimangirizo analemba za chiyani? Timawu tija tinawapeza pati? Ndipo munthu woti andiyankhe, amene anandilanda mchere, amene ankati sindinamukhutiritse, ndinkangomuona pamwamba pa duku. Ndinazindikira kuti zikatha chonchi ndiye kuti zatha mpaka imfa yanga.

Ndinatsegula pakamwa monga mwa mwambo. "Amake Yohane, auzeni kuti..." Agogo anu anadikira. Amayi anu anadikira.

Ndinadzuka, kunyamula mpando uwo wakhalapo Dalitso, n'kuuika pafupi ndi wanga.

"Mwana wanga, dzuka pamenepo. Bwera ukhale apa, undiuze wekha."

Amayi anu anadzutsa mutu, nkhope yonse ili misozi, koma sanasunthe. Anayang'ana kwa agogo anu. Nanenso ndinayang'ana komweko, chifukwa mwini mwambo m'nyumba muno tonse timamudziwa. Agogo anu anatiyang'ana nthawi yaitali, dzanja lili pakamwa. Kenaka anapita pakhomo paja, kuwagwira amayi anu pamkono, kuwadzutsa, n'kuwakhazika pampandopo ndi manja awo.

"Senderani uko nanunso, bambo," anatero, "inenso ndikhale. Ndatopa nako kunyamula mawu a anthu."